Mutu 5: Madzi Osalembedwa m'Kope

1. Madenga anayi

Kuseri kwa nyumba ya a Ackim, m'mudzi wina wa ku Lirangwe, kunali madenga anayi opanda nyumba. Lililonse linali lata lokhomedwa pa mitengo inayi yolekeza m'chifuwa mwa munthu. Anthu odutsa ankaima n'kuseka. Ena ankati ndi makola a nkhunda. Ena ankati a Ackim ayamba kulima m'mwamba chifukwa pansi pawakana.

Madengawo anali a Hanifa, mtsikana wa ku Chileka amene ankaphunzira ku yunivesite. Iye ankafufuza za madzi a mvula. Mvula ikagwa pa malata, madzi onse amatsika nthawi imodzi n'kukumba zigwembe m'misewu ndi m'mabwalo a sukulu. Hanifa ankafuna kudziwa ngati denga lodzalidwa zomera lingagwire ena mwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono.

Denga loyamba linali lata lokhalokha. Pa atatu enawo anakhoma matabwa m'mbali, kuyala pulasitiki, n'kuthirapo zodzalamo zopepuka. Pena anaika njerwa zoswaswa, pena makala a zitsononkho, pena mchenga wa kumtsinje, zonse zosakaniza ndi manyowa pang'ono. Pamenepo anadzala kapinga ndi timaluwa ta masamba onenepa, tija timatsegula dzuwa likakwera. Pansi pa denga lililonse panali chigubu cholandira madzi.

Woyang'anira zonsezi anali Naomi, mwana wa a Ackim, wa Fomu 3. Mvula ikakata, ankayeza madzi a m'zigubu ndi jagi ya manambala n'kulemba m'kope. Ankawerenganso zomera zamoyo ndi zakufa.

Loweruka lililonse Hanifa ankabwera kudzaona kopelo. Akamaliza, ankakhala ndi Naomi pa mkeka n'kumuphunzitsa masamu mpaka dzuwa kupendeka. Mayi ake a Naomi anamwalira iye ali Sitandade 6, ndipo analibe mkulu wake. N'chifukwa chake ankadikira Loweruka monga mlimi adikira mvula yoyamba.

Tsiku lodzala, Hanifa anamugwira dzanja.

"Lamulo ndi limodzi, mng'ono wanga. Osathirira. Ngakhale zifote, ngakhale zife. Pa denga la sukulu palibe amene adzakwere ndi ndowa. Tikufuna tidziwe chimene chingapirire pachokha."

"Ndamva, achemwali," anayankha Naomi.

2. Ng'amba

Mu Januwale mvula inadula. Masabata atatu anatha kumwamba kuli mbee. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi. Ku tchalitchi anthu ankagwada kupempha mvula, ku mzikiti nakonso chimodzimodzi.

Mwezi umenewo Hanifa sanabwere, anali pa mayeso. Naomi ankajambula masamba a kope komanso timaluwa tija ndi foni ya a Saida, mayi oyandikana nawo nyumba, n'kumutumizira.

Chodabwitsa chinali chakuti pa madenga paja palibe chimene chinafa. Minda inkalira, koma timaluwa tija tinkatsegula tsiku lililonse ngati sitikudziwa kuti kunja kwavuta. Naomi ankawerenga kawiri, n'kulemba zimene waona.

Lachitatu la sabata yachinayi Mwini mvula anakumbukira anthu ake. Inagwa yamphamvu kuyambira masana. Lachinayi a Saida anaitana Naomi kuti amve uthenga wa mawu umene unabwera pa foni.

"Naomi, mng'ono wanga!" anali mawu a Hanifa, akuseka. "Alhamdulillah! Masabata atatu opanda dontho, chomera ngakhale chimodzi osafa! Lolemba ndikukaonetsa zimenezi kwa aphunzitsi anga onse. Akavomera, tikadzala pa madenga enieni a sukulu ziwiri."

Naomi anathamanga kunyumba. Anapeza bambo ake pakhonde akukhomera khasu mu mpini, ndipo anawauza zonse mpweya uli m'mwamba. A Ackim anaika khasu pansi n'kuyamba kuseka.

"Zapirira zokha, eti?"

"Zokha, ababa!"

"Iwe ukapita ku sukulu, ine ndimatenga njinga ndi chigubu, ulendo ku mjigo. Amayi a kumeneko andiseka mpaka atopa. Akuti, 'A Ackim, kwatirani, mwavutika!' Ine ndimangoti sekani, bola maluwa a mwana wanga asafe."

Naomi anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Ababa, mwakhala mukuthirira?"

"Tsiku ndi tsiku, kupatula Lamulungu."

"Koma achemwali a Hanifa anati osathirira."

"Ndinamva. Ndinati amenewo ndi mawu a mwana wa m'tauni. Ndalima zaka makumi anayi ine, sindinaonepo munthu akudzala chinthu n'kumachionerera chikufa. Nanga zikanauma akanati chiyani? Akanati mwana wa Ackim ndi waulesi, n'kunyamula madenga awo. Masamu ako akanathera pomwepo."

Naomi anawafotokozera mofatsa. Anati kufa kwa chomera nalonso linali yankho limene Hanifa ankalifuna. Anati ngakhale manambala a mvula ya dzulo ndi olakwika, chifukwa mvulayo inapeza dothi lonyowa kale.

Kuseka kunachoka pa nkhope ya a Ackim.

"Ndiye kuti ndawononga?"

Naomi anaweramitsa mutu. Bambo ake anayang'ana manja awo kwa nthawi.

"Usanene, Naomi. Ndi madzi chabe. Mvula yabwera, yafafaniza zonse. Usandichititse manyazi pamaso pa mwana wa sukulu, ine munthu wa imvi."

Ananyamula khasu lawo n'kulowera kumunda, ngakhale kuti nthawi yolima inali itapita.

3. Mawu a mayi Saida

Lachisanu ataweruka ku sukulu, Naomi anapita kwa a Saida. Anawapeza akusankha nyemba pa lichero, zoti akagulitse pa msika wa Lirangwe. Mayiwa anali mnzawo wapamtima wa malemu mayi ake. Pa Khirisimasi ankadyera limodzi, pa Idi chimodzimodzi.

"Nkhope imeneyo yakwinyika ngati chigwada cha dzana bwanji?" anafunsa a Saida. "Wayamba zibwenzi kapena?"

"Ayi, anti."

"Ndiye khala apa, undithandize nyembazi. Pakamwa pamamasuka manja akamagwira ntchito."

Naomi anasankha nyemba zingapo, kenako ananena zonse. A Saida anamvetsera osamudula. Atamaliza, anaika lichero pambali.

"Mwana wanga, ndikuuze zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china, iwe usanabadwe, kunabwera munthu pa msika ndi mbewu ya chimanga. Ankati ndi yopirira chilala. Anationetsa chimanga chachikulu ngati mkono wanga uwu. Sanali wakuba ayi, anali munthu wopemphera. Chimene sanatiuze n'chakuti chimangacho anachilima ku dimba, m'mbali mwa mtsinje. Mwina anaona ngati ndi nkhani yaing'ono. Ife tinadzala kumtunda. Mu Febuluwale chinauma chili chiimire. Chaka chimenecho ine ndi mayi ako tinadyetsa mabanja athu madeya ndi zitsa za nthochi.

"Bodza la mdani silivuta, umaliona likubwera patali. Lovuta ndi lobadwira m'chikondi, chifukwa limabwera ndi nkhope yabwino. Bambo ako sananame. Iwo analakwitsa chabe, ndi mtima woyera. Koma iwe tsopano ukudziwa. Ukakhala chete mpaka Lolemba, kulakwitsa kwa bambo ako kusanduka bodza lako.

"Taganiza za mnzako uja. Akaima pamaso pa akuluakulu ake, akanena chinthu chimene sichinachitike. Akadzala pa sukulu ziwiri. Ng'amba ina ikadzabwera, zonse zidzauma, mvula idzakokolola dothi lija n'kulitaya pa mitu ya ana. Anthu adzati mtsikana wa ku Chileka uja ananamiza dziko. Dzina lake lidzawonongeka, iye osadziwa n'komwe chimene chamugwetsa. Ameneyo ndi munthu amene amakhala nawe pa mkeka, amene amakutchula mng'ono wake."

"Koma anti," anatero Naomi misozi ili m'maso, "Mulungu amafuna tizilemekeza makolo."

"Amafunadi, kwanu ku tchalitchi ndi kwathu ku mzikiti komwe. Koma kulemekeza si kuphimba chilonda ndi nsanza. Chilonda chophimba chimanunkha. Tamvera. Usapite mozemba ngati mbala. Ukawagwadire bambo ako, uwauze maso ndi maso kuti ukupita. Ukafika kwa Hanifa usakawanyoze, usakawonjezere, usakachotsere. Ndipo foni yanga sindikupatsa. Nkhani yotere siyenda pa foni, imafuna nkhope."

"Nanga akachotsa madenga aja? Ndiye kuti sazibweranso."

"Akhoza kuchotsa. Sindikunamiza ine. Kunena zoona sikulonjeza kuti sulira."

Anatenganso lichero lawo.

"Sankha nyembazo, wasiya miyala yambiri."

4. Pa siteji

Loweruka m'mawa a Ackim sanapite kumunda. Anakhala pakhonde, maso ali ku madenga aja. Kuyambira Lachinayi anali asanaimbe nyimbo ngakhale imodzi, iwo amene ankadzutsa nyumba ndi nyimbo za m'tchalitchi.

Naomi anatuluka atavala diresi yake ya Lamulungu, kope lili m'manja. Anagwada patsogolo pawo.

"Ababa, ndikupita ku Chileka."

Bambo ake sanatembenuke.

"Sindikupita kukakunyozani. Palibe bambo wina m'mudzi muno amene akanapita ku mjigo chifukwa cha maluwa a mwana wake. Zimenezo sindidzaiwala. Koma m'kopemu muli dzanja langa, ndipo zolembedwamo si zoona. Munandiphunzitsa nokha kuti Mulungu amaona ndi zobisika zomwe."

Anadikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Kenako Naomi anaimirira n'kuyamba ulendo.

Pa siteji ya Lirangwe minibasi inali itaima, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho.

"Lunzu, Kameza, tauni! Asisi a kope, mayeso Loweruka? Lowani, mukhoza m'basi momwemu!"

Naomi anakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, wina ndi thumba la makala, wina ndi nkhuku ziwiri. Patatsala malo amodzi, belu la njinga linalira. Anali a Ackim, thukuta lili kamukamu, atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anasiya njinga pa benchi ya a Saida n'kuthamangira basi.

"Eee, madala!" anakuwa kondakitala. "Kutchena kumeneku, mukukafunsira mbeta?"

"Ndikukafunsira amako," anayankha a Ackim, ndipo basi yonse inaseka.

Anadzipanikiza mpaka kumbuyo.

"Sendera," anatero kwa Naomi.

Basi itadutsa milaga ingapo, analankhula motsitsa mawu.

"Masiku awiri ndayesa kupemphera, mawu akukana kutuluka. Utachoka ndinadzifunsa kuti, kodi amene anathira madzi ndani? Ndine. Sindingatume mwana kukasenza manyazi anga."

Naomi anatsamira mutu pa phewa la jekete lija. Asanafike pa Lunzu, anamva bambo ake akung'ung'udza nyimbo pansipansi.

5. Ku Chileka

Anatsikira pa Kameza n'kukwera basi ina ya ku Chileka. Kwawo kwa Hanifa kunali kuseri kwa golosale ya bambo ake, pafupi ndi msewu wa ku bwalo la ndege. Anamupeza pakhonde ndi laputopu, akukonza zoti akaonetse Lolemba.

"Naomi! Ababa! Mwabwera mpaka kuno? Amayi, tulukani muone anthu anga a ku Lirangwe!"

Mayi ake a Hanifa anawalonjera mwaulemu, n'kubweretsa tiyi ndi zitumbuwa. Hanifa anatembenuza laputopu kuti aone zithunzi za timaluwa tija.

"Taonani kukongola! Aphunzitsi anga sakukhulupirira."

Naomi sanakhudze tiyi. Anaika kope pa tebulo ndi manja awiri.

"Achemwali, aphunzitsi anuwo akulondola. Zomera zija sizinapirire zokha. Zinkathiriridwa masabata onse atatu. Ine ndadziwa Lachinayi. Manambala a zomera ndi olakwika, a mvula ya Lachitatu nawonso."

Hanifa anamuyang'ana ngati sanamve.

"Zinkathiriridwa? Ndi ndani?"

"Ndi ine, mayi," anatero a Ackim, atavula chipewa. "Mwanayu sankadziwa. Lamulo lanu ndinalimva, koma ndinadziyesa wanzeru. Atadziwa ndinamuuza kuti abise. Wakana."

Ndege inadutsa pamwamba pa nyumba, malata n'kunjenjemera. Palibe amene anayang'ana kumwamba. Hanifa anatseka laputopu, n'kugwira pakamwa ndi nsonga ya mpango wake. Misozi inatsika.

"Ng'amba ngati imeneyi ndinaidikira chaka chonse," anatero. "Ina idzabwera liti, sindikudziwa."

A Ackim anatsika pa mpando kuti agwade. Hanifa anadumpha n'kuwagwira mkono.

"Ayi, ababa, musatero! Inu ndi kholo langa. Khalani pa mpando, chonde."

Hanifa anapukuta maso. Anakokera kope lija pafupi. Kenako analitsegula n'kutenga cholembera chofiira.

"Munkathira madzi ochuluka bwanji?"

"Ndinali ndi kachitini kanga ka mafuta ophikira. Pa njerwa ndinkathira tiwiri. Pa mchenga titatu, chifukwa pamenepo pankauma dzuwa lisanafike pamutu. Pa makala kamodzi kokha."

"Kamodzi kokha? Chifukwa chiyani?"

"Ndinkapisa chala. Pa makala chala chinkatuluka chonyowa mpaka m'mawa mwake. Munthu sungathire madzi pamene pali kale madzi."

Hanifa analemba zonse, tsiku ndi tsiku, kudumpha masiku a Lamulungu. Pamwamba pa masamba atatu analemba ndi zilembo zazikulu kuti ZINATHIRIRIDWA.

"Izi sizibweza zimene zatayika," anatero. "Koma n'zoona, ndiye zikhoza kulembedwa."

Anatembenukira kwa Naomi.

"Ukanakhala chete, sindikanadziwa."

"Ndikanadziwa ine, achemwali."

Hanifa anamukumbatira. Kenako anatenga foni.

"Madenga aja si anga ndekha, ndi a yunivesite. Ndiyenera kuwauza aphunzitsi anga lero lomwe."

Anapita kuseri kwa nyumba. Mawu ake ankamveka patali, nthawi zambiri akungoti, "Inde, bwana. Ndamva, bwana." Mayi ake anasunthira mbale ya zitumbuwa pafupi ndi alendo.

"Idyani, achimwene. Tiyi sanalakwe kanthu."

A Ackim ananyema chitumbuwa n'kupatsa Naomi mbali yaikulu.

Hanifa anabwerera nkhope ili yotopa.

"Lolemba ndikaimabe pamaso pawo. Ndikanena kuti za ng'amba ndilibe yankho, ndipo ndikanena chifukwa chake. Za sukulu ziwiri zija zaima."

"Nanga madenga?" anafunsa Naomi.

"Akuti sangagamule asanaone ndi maso awo. Abwera okha ku Lirangwe Lachiwiri. Akufuna alankhule ndi iwe, komanso ndi inu, ababa."

6. Mitambo ya kumpoto

Hanifa anawaperekeza mpaka pa msewu. Kumpoto, cha ku Lirangwe, mitambo inali itada bii.

"Imeneyo igwa tisanafike," anatero a Ackim. "Zigubu unazikhuthula?"

"Ndinakhuthula dzulo, ababa."

"Tiye tifulumire ukayeze. Ine ndikakugwirira jagi basi. China chilichonse sindikhudza, manja ndikaika m'thumba."

Hanifa anaseka koyamba chiyambire nkhani ija, misozi isanaume. A Ackim anatenga kope n'kulilowetsa mkati mwa jekete kuti lisanyowe.

Minibasi inaima. Naomi analowa, koma bambo ake anatsalira phazi limodzi lili pansi.

"Mayi, aphunzitsi anuwo abwera pa chiyani?"

"Pa galimoto ya yunivesite, yapikapu."

"Yapikapu," anabwereza a Ackim. "Ikubwera itanyamula katundu, kapena ikubwera kudzanyamula?"

Hanifa anayang'ana Naomi pa zenera.

"Ndinawafunsa, ababa. Sanandiyankhe."